Puleti ndi Puleti Basi? Bodza Limenelo, Abwana Osindikiza

Pali mawu ena amene eni makampani osindikiza mu Limbe ndi mu Blantyre amakonda kuponya akafuna kukutseka pakamwa. Ati, "Puleti ndi puleti basi, bola ntchito yatuluka." Mawu amenewa ine ndadana nawo, ndipo lero ndati ndiwatsutse poyera pa tsamba lino la alembi, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti tsamba la ndakatulo lalowa fungo la inki ndi girizi. Pepani abale anga, koma ndakatulo mukuidikirayo singafike m'manja mwanu isanadutse pa kachitsulo kamene ndikufuna kukamba. Mlembi wosadziwa puleti ali ngati mlimi wa nzimbe wosadziwa sikelo: amalima yekha, koma mtengo amamuuza ndi ena.

Kwa inu amene simunalowepo m'nyumba yosindikizira, puleti ikunenedwa pano si mbale ya nsima ayi. Ndi chilata cha aluminiyamu, chopyapyala kuposa chikhadabo, kawirikawiri 0.15 kapena 0.30 ya milimita, chopakidwa mankhwala amene amamva kuwala. Mawu ndi zithunzi zimawotcheredwa pamenepo, kale kudzera pa filimu ndi nyale yamphamvu, masiku ano ndi kuwala kwa laser kuchokera pa kompyuta, njira imene amisiri amangoti CTP. Chinsinsi chake mayi aliyense wotsuka mbale amachidziwa: mafuta ndi madzi sizimvana. Pamene pali chilembo pamakana madzi n'kugwira inki, pamene palibe chilembo pamagwira madzi n'kukana inki. Puleti imapatsira inkiyo bulangete la labala, bulangetelo n'kupatsira pepala, ndipo kusindikiza kotereku ndi kumene kumatchedwa offset. Nzeru ya mafuta ndi madziyi anaitulukira Alois Senefelder ku Germany mu 1796, iye akugwiritsa ntchito mwala, ndipo mkuluyu anali mlembi wa masewero amene ankasowa ndalama zosindikizira zolemba zake. Mwaonatu, nkhaniyi inayamba ndi mlembi wosauka, tsono wina asandiuze kuti yasochera tsamba.

Tawerengani nane pang'ono. Kabuku ka ndakatulo ka masamba 64 a saizi ya A5, pa makina aang'ono ngati Heidelberg GTO 52, puleti imodzi imanyamula masamba anayi. Ndiye kuti m'kati mokha mwalowa mapuleti 16. Chikuto chamitundumitundu chimafuna ena anayi, poti wabuluu, wofiira, wachikasu ndi wakuda, mtundu uliwonse uli ndi puleti yakeyake. Onse pamodzi 20. Mapuleti 20 amenewa muwalipira ndithu, kaya mukusindikiza mabuku 300 kaya 30,000. Wa mabuku 30,000 sawamva n'komwe, amangosungunuka ngati mchere mu mphika wa pa ukwati. Koma wa 300, amene ndi ine, ndi inu alakatuli, ndi kwaya ya kumpingo, ndi mphunzitsi wofuna kutulutsa kabuku ka nthano m'Chisena kapena m'Chimang'anja, amawasenza onse pamutu popanda nkhata. Puleti ina ikakanika n'kuwotchanso yatsopano, musaganize kuti abwana atulutsa ndalama m'thumba mwawo. Anaiwerengera kale pa mtengo umene anakupatsani.

Ine kwathu ndi kwa Maseya, m'boma la Chikwawa. Anthu ambiri a m'tauni amaganiza kuti kuchigwa kumangofunika maneti a udzudzu ndi ufa wa chithandizo. Ayi ndithu, kumafunikanso mapepala, ambirinso. Alimi a nzimbe a Phata, amene kopaletivi yawo inayamba mu 2011 n'kumagulitsa nzimbe ku fakitale ya Illovo ku Nchalo, ntchito yotero singayende popanda mabuku a malisiti ndi a maina a mamembala. Amayi a banki m'khonde amafuna timabuku ta masheya. Masukulu amafuna mapepala a mayeso ndi malipoti, mipingo imafuna makadi ndi makalendala, a zaumoyo amafuna mapepala omata ochenjeza za kolera dzinja likamayandikira. Ntchito ikakula kuposa mphamvu ya fotokope ya pa Bereu kapena pa Dyeratu, imakwera phiri kupita ku Blantyre, n'kutsikanso pa minibasi itamangidwa m'makatoni, kudutsa pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Katoni imakatsegulidwa kumudzi, wosindikiza ali makilomita oposa 50 kumtunda, ndalama atadya kale. Ukapeza cholakwa, thiransipoti yobwerera nayo yokha ikuuza kuti ungokhala chete.

Ndinaziona ndi maso angawa chaka china. Aphunzitsi a masukulu angapo kwathuko anasonkhetsa ndalama, zambiri zochokera kwa makolo, kuti asindikize mayeso oyeserera a Sitandade 8. Kampani ina ya mu Limbe, dzina ndasunga, inawapatsa mtengo wotsika kuposa ena onse. Mapepala a pamwamba pa katoni anali bwinobwino, oyera, akuda bii pamene payenera kuda. Koma a pansi, timadontho ta madesimo m'pepala la masamu tinali titasowa. 2.5 anasanduka 25. Ana awiri a benchi limodzi anayankha mafunso awiri osiyana, ndipo aphunzitsi ochonga anayamba kukalipira ana osalakwa, mpaka wina ataika mapepala awiri pamodzi n'kuona chimene chachitika. Wosindikiza atafunsidwa anati vuto ndi kompyuta ya aphunzitsi. Bodza lamkunkhuniza! Kompyuta ikalakwa imalakwa pa mapepala onse, kuyambira loyamba. Chimene chimayamba bwino n'kumafufutika pang'onopang'ono makina ali m'kati moyenda ndi puleti imene mankhwala ake akusupuka, ndipo zoyamba kufa ndi zing'onozing'ono: dontho, kamzere kopyapyala, kadenga ka pamwamba pa ŵ kwa amene amakalembabe. Puleti yotero kapena inagona nthawi yaitali, kapena inasungidwa pamalo otentha, kapena inatsukidwa m'mankhwala osayenerana nayo. Zonsezi zimabwerera kwa munthu mmodzi, amene anasankha kogula.

Tiyeni tiwaone tsono amalonda amene amagogoda pa khomo la wosindikiza, poti palibe ndi mmodzi yemwe amene ndingamukhulupirire nditatsinzina. Alipo achikwama. Awa alibe sitolo, alibe nyumba yosungiramo katundu, ali ndi foni ndi msuweni ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku Guangzhou. Mtengo wawo ndi wozuna ngati uchi. Koma tangofunsani kuti bokosili linapangidwa liti, muona munthu akuyamba kukamba za mpira wa dzulo. Puleti si khasu loti lingakhale zaka khumi patsindwi n'kudzalimabe. Mankhwala ake amakalamba. Opanga amalemba tsiku pa bokosi, ndipo ambiri amapereka chaka chimodzi kapena ziwiri, pokhapokha bokosilo likasungidwa pozizira ndi pouma. Bokosi limene lagona m'kontena pa doko la Beira, kenako n'kudzaima masiku pa mzere wa malole pa chipata cha Mwanza mwezi wa Okutobala, limafika litakalamba ngakhale tsiku lolembedwalo lisanakwane. Mwezi wamawa wachikwama yemweyo abwera ndi mtundu wina, wa fakitale ina, ati "ndi chimodzimodzi bwana." Si chimodzimodzi. Mtundu uliwonse umafuna mphamvu yakeyake ya laser ndi katsukidwe kakekake, ndipo mmisiri amataya mapuleti ndi mapepala tsiku lonse pofufuza mulingo. Zotayikazo zimakathera mu mtengo wa kabuku kanga.

Koma musafulumire kuwomba m'manja, inu a mataye ndi timabuku tonyezimira, amene mumatchula Kodak, Fujifilm ndi Agfa ngati maina a oyera mtima. Mapuleti anu ndi abwino, sindikutsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi ulaliki wanu woti chilichonse chochokera ku China n'chinyalala. Kodi simudziwa, kapena mumangofuna ife tisadziwe, kuti Agfa inachita ubale ndi kampani ya Lucky Huaguang ya ku China mu 2018, ndi kuti mu 2019 Kodak inagulitsa fakitale yake ya mapuleti ya ku Xiamen kwa kampani yomweyo? Agfa yeniyeniyo inagulitsa nthambi yake ya offset mu 2023, ndipo nthambiyo inasintha dzina n'kukhala ECO3. Amwenye nawo ali ndi TechNova yawo. Dzina la pa bokosi ndi dziko limene chilatacho chinapakidwa mankhwala ndi nkhani ziwiri zosiyana. Mumatiuzanso monyada kuti puleti yanu imapirira mapepala 100,000 ndi kuposa. Zikomo kwambiri, koma ndani muno amasindikiza mabuku a ndakatulo 100,000? Kukakamiza puleti yotero pa wosindikiza makadi a ukwati 400 kuli ngati kugulitsa thirakitala kwa mayi wa kadimba ka mpiru kuseri kwa bafa.

Oopsa kwenikweni ndi amene amabwera ndi mphatso. Ati tikupatsani makina a CTP, kapena makina otsukira, lero musalipire kanthu, inu mungosaina kuti kwa zaka zakutizakuti muzigula mapuleti kwa ife tokha, osachepera mulingo wakuti pamwezi. Mchitidwewu ulipo m'maiko ambiri, si wachilendo m'malonda amenewa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Wosindikiza amasaina akumwetulira, osawerenga bwino kuti mtengo wa puleti wamangiriridwa ku dola pamene makasitomala ake amalipira makwacha. Kwacha yathu inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, aluminiyamu pa msika wa ku London anadutsa madola 4,000 pa tani, mtengo umene unali usanaonekepo. Amene anali womasuka anatha kuyang'ana kwina, kukangana mtengo, kudikira pang'ono. Womangidwa anangoti "inde bwana." Ndiponso makinawo amasankha okha chakudya: a mtundu wa thermal sadya puleti ya violet, a violet sadya ya thermal. Wolandira mphatso amakhala atasankhiratu mapuleti a zaka zambiri zikubwerazo tsiku lomwe akujambulitsa chithunzi ataima pambali pa makina atsopano.

Ife Amalawi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa za kuopsa kwa khomo limodzi. Mu 1992 makina akuluakulu osindikizira nyuzipepala anali a Blantyre Printing and Publishing, eni Daily Times ndi Malawi News, kampani imene inali m'manja mwa Dr Kamuzu Banda. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inatuluka chifukwa kunali khomo lina, makina a a Montfort ku Balaka, ndipo patangopita masiku ochepa anyamata a chipani anakayatsa moto nyumba ya makinawo. Mu Januwale 1993 Felix Mponda anamangidwa akubwera ndi nyuzipepala ya New Express imene inakasindikizidwa ku Zambia. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera nyali, ndipo nyuzipepala zinaphuka ngati bowa wa m'Disembala. Lero palibe mnyamata wa chipani amene angabwere ndi petulo ndi machesi. Sakufunikanso. Wogulitsa mmodzi akangoti "kontena yachedwa" kapena "banki sinatipatse ndalama zakunja," makina onse odalira iye ali zii, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu wopondereza ufulu wa atolankhani. Sindikunena kuti amalonda ndi chipani ayi. Ndikungoti makina opanda puleti ndi makina otsekedwa ndi apolisi amatulutsa masamba ofanana nambala.

Ndikudziwa chimene abwana osindikiza ayankhe. Ati mapanga awiri avumbwitsa. Ukamagula kuwiri sulandira mtengo wa kasitomala wokhulupirika, ndipo mmisiri amavutika kusintha makina uku ndi uku. Mbali yachiwiriyo ili ndi nzeru, ndanena kale ndekha kuti kusinthasintha mitundu mwachisawawa kumawononga. Koma pali kusiyana pakati pa munthu wotola chilichonse chimene wachikwama wabwera nacho sabata imeneyo, ndi munthu amene anakhala pansi, nayesa mitundu iwiri yokha pa makina ake, nalemba m'kabuku mphamvu ya laser ndi katsukidwe ka mtundu uliwonse, n'kumagula ambiri kwa uyu, ochepa kwa uyo, kuti aliyense azidziwa kuti mnzake alipo. Mwambi wa mapanga unanenera munthu wothamangathamanga pakati pa mvula osadziwa kolowera. Sunanenere munthu amene anafolera nyumba ziwiri chilimwe.

Timabuku tonyezimira tija tinalembedwera ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, kumene magetsi sathima, choncho sitinena za mavuto athu. Mankhwala otsukira puleti amafuna kukhala pa madigiri 23 mpaka 25 kapena pafupi pamenepo, ndiye kuti pamafunika kachipangizo kowaziziritsa kosaima. Magetsi akathima puleti ili m'kati mwa makina, imeneyo yapita, n'njotaya. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, m'boma lathu lomweli la Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunatisautsa chaka chathunthu ndi miyezi mpaka makina a kumeneko atabwerera mu 2023. Wogulitsa amene safunsa n'komwe ngati muli ndi jenereta asanakupatseni puleti yofuna makina otsukira, ameneyo akugulitsa bokosi, ntchito yanu alibe nayo kanthu.

Ndipo mnyamata amene akulota zotsitsa makina a offset kuchigwa, pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, ndipo ine ndikupemphera kuti malotowo atheke, adziwiretu kuti kwathu Okutobala ndi Novembala amadutsa madigiri 40, ndi kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa imatulutsa madzi amchere. Madzi a pa makina osindikizira amafuna kuwawasa pang'ono, pH ya pakati pa 4.8 ndi 5.5, ndipo madzi odzaza mchere ndi laimu amasokoneza mulingo umenewu, inki n'kuyamba kudetsa pamene payenera kuyera. Iyeyo funso lake loyamba kwa wogulitsa lisakhale lakuti "bokosi ndi zingati?" Likhale lakuti, "Achimwene, puletiyi munaiyesapo kumalo otentha ngati kuno? Nanga mubwera liti kudzaiyesa pa makina anga, ndi madzi a pa mjigo wathu?" Akazengereza kuyankha, amuperekeze mpaka pa siteji.

Ena akuti yankho ndi mapuleti osatsuka, monga Sonora ya Kodak kapena Superia ZX ya Fujifilm, amene amachoka pa laser n'kupita molunjika pa makina osindikizira, madzi ndi inki ya pamenepo n'kumaliza ntchito yotsuka. Ine ndimawakonda, ndipo chifukwa changa n'chadyera: ndine wa kumusi. Mankhwala otsukira akatha mphamvu amasanduka madzi oyabwa, a soda wamphamvu, ndipo ndikufuna wosindikiza aliyense wa mu Blantyre atiuze poyera kumene amawataya. Mtsinje wa Mudi umadutsa pakati pa mafakitale a mumzindawu, ndipo madzi ake mapeto ake ndi Shire, amene ife timachapira, kuthirira ndi kumwa. Komabe ngakhale apa sindivomera ulaliki. Puleti yosatsuka imadula pogula. Chithunzi chake chimaoneka mbuu, kotero kuti mmisiri wosazolowera sangaone cholakwa asanaikweze pa makina. Imakandika msanga, sifuna kugonekedwa pa kuwala nthawi yaitali, ndipo imafuna makina a thermal amene si aliyense ali nawo. Wogulitsa woona amanena zonsezi yekha, asanafunsidwe.

Osindikiza aang'ono ambiri alibe n'komwe makina a CTP. Amatenga fulashi n'kupita kwa mnzawo wamkulu kukawotchetsa mapuleti, kulipira imodziimodzi, ndipo amaganiza kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Ikuwakhudza kawiri, poti amagula puleti imene bokosi lake sanalione, kwa munthu amene akulimbirana naye makasitomala omwewo. Nyengo ya kampeni ikafika, makina aakulu atadzaza ndi nkhope za ofuna mavoti, ntchito ya wamng'ono imakhala kumchira kwa mzere.

Nanga wogulitsa wabwino ndi uti? Kwa ine ndi amene katundu wake ali m'dziko muno, m'chipinda chimene angakulowetseni kuti mumve nokha ngati muli mozizira, osati amene katundu wake nthawi zonse "ali panjira." Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndi amene amalemba pa invoisi nambala ya bokosi ndi tsiku limene linapangidwa, n'kuvomera molemba kuti bokosi loipa alilandiranso n'kupereka lina. Ndi amene ali ndi mmisiri wodziwa kuyeza madontho, woti mukamuimbira Lachisanu madzulo afike Loweruka m'mawa, osati wokuuzani kuti mutumize chithunzi pa WhatsApp kuti afunse kaye ku Johannesburg. Mtengo ubwere pambuyo pa zonsezi, ndipo uwerengedwe mwachikulu. Musawerenge mtengo wa puleti imodzi. Werengani ndalama zonse zimene zapita kuti mapepala abwino 1,000 atuluke, kuphatikiza mapuleti obwereza, mankhwala, dizilo wa jenereta, mapepala otayika, ndi maola amene makina anakhala chete amisiri akusewera bawo panja. Tiyerekeze kuti puleti ina ndi yotsika mtengo ndi 10 peresenti, koma pa zisanu zilizonse imodzi muyenera kuwotchanso. Tengani pensulo muone: yadula kale kuposa inzakeyo, ndipo sitinawerenge n'komwe pepala lotayika, lomwenso limachokera kunja ndi dola.

Anyamata a makompyuta andiseka, ati akulu mukulimbana ndi chitsulo chakale, dziko linapita ku dijito. Pa mabuku 50 kapena 100 akunena zoona, makina a dijito safuna puleti ndipo amapambana. Koma tona yake imachokeranso kunja, ndipo tsamba lachikwi limadula pafupifupi chimodzimodzi ndi loyamba, pamene pa offset tsamba limatsika mtengo ntchito ikamakula. Mabuku a sukulu, nyuzipepala mwagwirayi, timabokosi ta sopo ndi tiyi, zonsezi zikudutsabe pa puleti. Mwana wa kuchigwa amene nyumba ya makolo ake inapita ndi Freddy mu Malichi 2023 alibe tabuleti. Ali ndi buku, likakhalapo, ndipo amagawana ndi anzake.

Boma nalo lisabisale kuseri kwa amalonda. Ku America, Kodak itadandaula mu 2023, boma la kumeneko linaika msonkho wapadera pa mapuleti ochokera ku China ndi ku Japan mu 2024. India naye anachita zotere poteteza opanga ake. Iwo ali ndi choteteza. Ife tilibe fakitale ya mapuleti ngakhale imodzi. Miyala ya bauxite, imene amayengamo aluminiyamu, ili gone pa phiri la Mulanje, ndipo ikhale pomwepo, sindikuitana okumba. Fakitale yoyenga ya Mozal inatsegulidwa kwa anansi athu pafupi ndi Maputo mu 2000. Koma chilata chopakidwa mankhwalacho chimachokera kutsidya kwa nyanja. Choncho tambala iliyonse ya msonkho imene ingaikidwe pa puleti, ndi sabata iliyonse imene wosindikiza amadikira ndalama zakunja ku banki, siziteteza ntchito ya Mmalawi aliyense. Zimangokweza mtengo wa buku. Kenako akuluakulu omwewo amadabwa kuti bwanji ntchito zikuluzikulu zimapita kunja, monga mapepala ovotera a 2019, 2020 ndi 2025 amene anasindikizidwa ku Dubai. Za chitetezo cha mavoti ndi nkhani ina, ndikudziwa, ndipo ili ndi akatswiri ake. Koma wosindikiza amene sapatsidwa ntchito yaikulu sangagule makina aakulu, ndipo wogulitsa mapuleti sangasunge katundu wambiri m'dziko la maoda ang'onoang'ono. Ndiye timapezeka tabwerera kwa wachikwama uja ndi msuweni wake.

Inu alembi anzanga, aphunzitsi, alembi a mipingo ndi a makopaletivi, mukapita kukasindikiza musamangofunsa za mtundu wa pepala ndi tsiku lodzatenga. Funsani kuti mapuleti ndi a mtundu wanji, agulidwa kuti, bokosi lake lili pati. Pemphani kuti pa kotesheni mtengo wa mapuleti ulembedwe pawokha. Potenga katundu sololani pepala la pansi penipeni pa katoni, muliyerekeze ndi la pamwamba, musanapereke ndalama yotsala. Abwana akakwiya akwiye, kukwiya kwawo n'kotchipa kuposa minibasi ya Bereu mpaka Limbe, kupita ndi kubwera.

Pali kankhani kena kamene sindinamvepo wosindikiza akukayamba yekha. Ntchito ikatha, mapuleti aja sataya. Ndi aluminiyamu wabwino zedi, ogula zitsulo zakale amalipira pa kilo, ndipo amisiri a malata amapangira zinthu zambirimbiri. Pa kotesheni mwandilipiritsa mapuleti 20, onse, mtengo wathunthu. Tsono ndi a yani? Ngati ndi anu, chotsani mtengo wa sikirapu pa bilu yanga. Ngati ndi anga, amangeni bwino ndi chingwe muike pamodzi ndi mabukuwo, ndikwera nawo ya ku Nchalo. Khola la nkhuku la mayi anga kwa Maseya likudontha, ndipo nkhukuzo zikhoza kumagona zikuwerenga ndakatulo, poti pa puleti ya offset zilembo sizikhala motembenuka.